Zikhomo Pansi pa Msuku

"Amene wazula zikhomo zanga ndi ndani?"

Gerishon anafunsa ali chiimire pabwalo la mlongo wake Dailesi, chingwe chili m'manja, chipewa cha ku Halale chili pamutu ngakhale kuti dzuwa linali lisanayambe kuwawa. Yankho ankalidziwa. Zikhomo zonse zimene anakhoma dzulo lake zinali zitaunjikidwa pafupi ndi mafuwa, ndipo ziwiri zinali zikuyaka kale pansi pa mphika wa madzi osamba.

Laimoni, mwamuna wa Dailesi, anatuluka m'nyumba akumanga mabatani a malaya. Anali munthu wofatsa, wa mtundu uja umapepesa ngakhale kwa nkhuku imene aiponda, koma m'mawa umenewo anavala zilimbe.

"Ndazula ndine, alamu. Mdadada wa zipinda zisanu ndi zitatu kuseri kwa nyumba yanga? Tizipumira kuti?"

Ananena zambiri, ndipo zonse zinali zomveka. Anati chimbudzi chimodzi cha anthu onsewo chidzakhala kumtunda kwa chitsime chimene mudzi wonse umamwa. Anati njira ya kudimba idzatsekeka. Anati amuna ogwira ntchito yamsewu amene Gerishon ankafuna kuwaika m'zipindamo ndi anthu osadziwika kwawo, opanda mkazi, opanda nkhoswe, oti Loweruka likakwana adzasandutsa mudzi kukhala bwalo la mowa. Gerishon anamulekerera kuti amalize, akuzunguliza chingwe pachigongono pang'onopang'ono monga anaonera amisiri a m'tauni.

"Mwatha, alamu? Inu kuno ku Ligowe munabwera ndi mphasa ndi khasu basi. Dothi ili ndi la malemu mayi anga, ndipo woyang'anira mbumba ino ndine. Mkamwini amafunsidwa za nkhokwe, osati za malo."

Kenaka anatembenukira kwa mlongo wake, amene anali atakhala pakhonde akusola chimanga. Anamukumbutsa kuti chaka cha njala iye ndiye anayenda wapansi mpaka ku Halale kuti mbumba isathe, kuti zaka zisanu wakhala akusenza njerwa za azungu, ndiponso kuti atangomva m'kalata kuti Dailesi ndi woyembekezera anayenda msewu wonse wa masitolo a amwenye kufunafuna shawelo yoyera ya mizere yobiriwira, n'kuituma ndi munthu mpaka kuno. Kodi kuthokoza kwake n'kumeneku, kusonkhezera moto ndi zikhomo zake?

Chitsononkho chinamupulumuka Dailesi m'manja, ndipo anachisiya chigubuduzike mpaka pansi pa khonde. Za chimbudzi ndi za Loweruka iye analibe nazo ntchito. Chimene chinkamudya chinali chimodzi, ndipo pabwalopo panalibe mwamuna amene iye akanatha kumuuza.

Kuseri kwa nyumbayo, kupitirira dzala, kunali kathengo ka misuku ndi tsekera kumene amuna analibe chochita. Miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo, mvula ili pakati, mimba ya Dailesi, yoyamba pa zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati, inatha ndi mwana amene sanalire. Mwana wotere amamutcha mtayo. Saimbiridwa nyimbo, saliridwa, ndipo sapita kumanda a akulu. Amakamuika amayi okhaokha, padzenje losaya, n'kuwaza dothi pang'ono chabe, chifukwa akazamitsa kapena kupsinja ndi cholemera, ndiye kuti atseka mimba ya mayi wake mpaka kalekale. Ndipo malowo mwamuna sauzidwa, ngakhale bambo wake wa mwanayo. Amene ananyamula mwana wa Dailesi anali a Yunike, mng'ono wa malemu mayi ake, ndi Stelia wa nyumba yoyandikana nayo. Anakamugoneka pansi pa msuku waukulu. Chikhomo cha pangodya cha Gerishon chinali chitakhomedwa kutsinde kwa msuku womwewo.

Masiku oyamba Dailesi anali ndi chiyembekezo, chifukwa mudzi wonse unali utaima pamodzi. Kuchitsime nkhani inali yomweyo, kumtondo yomweyo, potuluka m'tchalitchi yomweyo. Wolusa kuposa onse anali William, mwamuna wa Stelia, amene ankalumbira kuti njerwa yoyamba idzaikidwa iye atafa. Ankati ali ndi ana aakazi atatu ndipo sadzalola kuti akulire pamaso pa anyamata a piki ndi fosholo. Tsiku lina m'mawa Gerishon anapeza nyanga ya mbuzi itapakidwa mafuta ndi makala, itazikidwa pakati pa chingwe chake. Aliyense ankadziwa kuti sabata yomweyo William anali atapha mbuzi. Gerishon anaizula nyangayo ndi dzanja lamanja, n'kuikoleka pakhomo pake kuti azipachikapo chipewa.

Ku Halale munthuyu sanangophunzira kuyala njerwa. Anaphunziranso kuti pakamwa pa munthu pamatsekeka bwino ndi chakudya kusiyana ndi chibakera. Anapita kwa William madzulo ena n'kumuuza kuti akufuna munthu wodalirika woumba njerwa ndi kuotcha uvuni, ndipo akayang'ana m'mudzi monse sakuona wina. M'mawa mwake William anali m'dambo, chikombole chili m'manja, matope mpaka m'mawondo, akufotokozera aliyense wodutsa kuti chitukuko sichikanidwa. Ana aakazi atatu aja sanatchulidwenso. Stelia naye anayamba kuona kuti amuna opanda akazi amafuna thobwa ndi zitumbuwa, ndipo amene adzakhale nawo pafupi ndi iye. Wina analonjezedwa kudula mitengo ya denga, wina kutunga madzi. Amfumu anali atasamba kale m'manja kuti malo a mbumba ndi nkhani ya mwini mbumba. Sabata ziwiri zisanathe, otsutsa mdadada anatsala awiri, Laimoni amene sankamvedwa ndi Dailesi amene sankalankhula.

Dailesi anapita kwa a Yunike n'kuwapeza akusankha nyemba. Anagwada, n'kuwafunsa ngati sikungatheke kumutsina khutu Gerishon, kungomuuza kuti pangodya paja asunthepo. A Yunike anayang'ana uku ndi uku ngati kuti nkhuku zikanena. Anati zoterozo chibadwire chawo sanazimvepo. Mwamuna akadziwa pogona mtayo amadwala, amatupa miyendo, ndipo mlandu umagwera mkazi amene waulula. Dailesi anafunsa ngati sangakamuchotse mwanayo n'kumugoneka kwina. A Yunike anaika lichero pansi.

"Mtayo saufukula, mwana wanga. Ukangouona kachiwiri, basi, wadzitsekera wekha."

"Nanga akamangapo nyumba ya njerwa, mayi, ndiye kuti anditsegulira?"

A Yunike anangolonjeza kuti alankhula naye Gerishon mokuluwika, ndipo anayesadi. Anamuuza kuti kathengo kaja n'kachiswe, kuti mvula ikagwa pamatuluka madzi, kuti malemu mayi ake sankafuna kuti msuku uja udulidwe. Gerishon anayankha kuti chiswe sichidya njerwa zootcha, madzi adzawakumbira ngalande, ndipo masuku adzawagulira kumsika. Anatsazika mwaulemu ndithu, chipewa chili m'manja.

Uvuni unayaka masiku atatu, utsi wake ukulowa m'nyumba ya Dailesi mpaka m'ziwiya. Iye anayamba kuonda. Akapita kukataya zinyalala kudzala ankaima nthawi yaitali, maso ali kumsuku, kumene chikhomo chatsopano cha mtengo wa muwanga chinali chitalowa m'malo mwa chija chinapsa. Laimoni ankayesa kuti mkazi wake akudandaula za chitsime, ndipo ankamutonthoza kuti adzakumba china kumtunda. Dailesi ankamumvera chisoni ndiponso ankamuda nthawi imodzi, chifukwa bambo wa mwanayo ankadutsa pamalopo tsiku ndi tsiku akuimba mluzu.

Lachiwiri la sabata yachitatu Gerishon anaitanitsa anthu pabwalo la William kuti agawe ntchito yokumba maziko. Amuna anakhala pamipando ndi pazitsa, amayi pamphasa chapatali. Laimoni anaimirira n'kubwerezanso za chimbudzi, koma William, amene anali ndi matope a Gerishon m'zikhadabo, anamudula kuti nkhaniyo inatha kale ndipo ena asamachite nsanje ndi mwana wa m'mudzi amene wabwera ndi nzeru. Anthu anavomereza. Gerishon anayamba kutchula maina a okumba.

Pamenepo Dailesi anadzuka pamphasa. Sanagwade monga amachitira mkazi akamalankhula pabwalo. Mawu anatuluka bwinobwino.

"Achimwene, pangodya ya kumsuku musakumbepo. Pagona mwana wanga."

Amuna anagwetsa nkhope pansi, ena anayamba kutokosa dothi ndi timitengo. Kumphasa kunamveka kung'ung'udza, ndipo mayi wina wachikulire anagwira makutu ake onse awiri. Wina anakoka nsalu ya Dailesi kuti akhale pansi. Laimoni yekha ndiye anamuyang'anitsitsa mkazi wake, pakamwa pali yasa.

Gerishon anaseka. Sikunali kuseka kwa munthu wankhanza chabe, kunali kwa munthu amene wanamizidwa kangapo ndipo tsopano akudziona wochenjera. Anawerenga pazala kuti poyamba chinali chimbudzi, kenaka nyanga ya mbuzi, kenaka chiswe, ndipo lero afika pa manda. Mawa adzamva kuti pansi pa msuku pagona mfumu ya Angoni. Anati manda a mudzi uno amawadziwa kumene ali, ndipo kukathengoko sanaoneko mtumbira ngakhale umodzi. Komabe poti mlongo wake wanena, pafunika mboni.

"Mayi aang'ono, kodi n'zoona zimenezi?"

A Yunike anakoka mpango wawo kuphimba pakamwa, maso ali kumapazi. Iwo amene anamusambitsa mwanayo ndi manja awo sanamuchitire Dailesi umboni. Gerishon anafunsa Stelia.

"Ine zakuthengo sindizidziwa," anatero Stelia.

Dailesi anamuyang'ana mnzakeyo, amene tsiku lija anamugwira mutu n'kumupukuta thukuta ndi nsalu yake. Kaya Stelia ankaopa mwambo kaya ankaganiza za thobwa, mwina mwini wakeyo sankadziwa. Msonkhano unatha Gerishon atalengeza kuti kukumba ndi Lachisanu.

Masiku awiri otsatirawo Dailesi anawamva kuwawa kuposa tsiku limene anachira mwana wakufa. Kuchitsime amayi ankasuntha mitsuko yawo iye akafika. Ankanena mokweza, nkhope zili kwina, kuti pali akazi ena amene pakamwa pawo palibe chitseko, amene amavula amayi onse pamaso pa amuna chifukwa cha kathengo. Mwana wa William atayamba kutsokomola, zinamveka kuti n'chifukwa bambo ake anamva zosayenera kumva. Palibe amene ananena kuti Gerishon walakwa. Wolakwa anali amene walankhula.

Kunyumba, tsiku la msonkhanolo, Laimoni sanadye. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, kenaka anafunsa funso limodzi lokha, motsitsa mawu, ngati anali wamwamuna kapena wamkazi. Dailesi anati wamkazi. Laimoni anati mwezi wathawu anadula mpini wa khasu pamsuku womwewo, ataponda pomwepo. Atatero analowa m'nyumba, ndipo Dailesi anamumva akufwenthera.

Lachisanu okumba anafika m'mamawa, amuna asanu ndi makasu ndi piki. Anayambira ngodya ya kumsewu, ndipo ngalande ya maziko inayenda bwino kutsata chingwe. Koma pamene inkayandikira msuku, makasu anayamba kulemera. Wina anamva ludzu, wina mpini unagweduka, William anakumbukira kuti sanamasule mbuzi. Kuvomera anavomera nawo Lachiwiri, koma palibe amene ankafuna kuti khasu lake likhale loyamba pamenepo. Ngalande inaima patatsala mapazi atatu.

Dailesi anali ataima kale kutsinde kwa msuku, Laimoni ali pambuyo pake. Amayi anaunjikana kudzala, akuonera patali.

Gerishon anafika akutukwana. Anati amuna akuluakulu, a ndevu zawo, akuopa bodza la mkazi. Anavula jekete, n'kulanda khasu m'manja mwa William, n'kuuza mlongo wake kuti achoke.

"Sindichoka, achimwene."

"Iwe Dailesi, usandiyese. Ndati choka."

Laimoni analowa pakati, koma Gerishon anamukankha pachifuwa mpaka anagwera m'ngalande. Dailesi atawerama kuti amudzutse, khasu linatsika. Linatsika koyamba, dothi lofiira linatuluka. Linatsika kachiwiri. Kachitatu linalowa mofewa, ndipo potuluka linakoka kansalu.

Dothi linali litakadetsa, chinyezi chinali chitakadya m'mphepete, koma mizere yobiriwira inkaonekabe. Gerishon anaima, khasu lili m'malere, kansaluko kakulendewera kumano kwake. Anaidziwa shaweloyo. Anaisankha yekha pakati pa mashawelo ambiri, ndipo anakangana ndi mmwenye chifukwa ankafuna ya mizere imeneyi osati yofiira. Shawelo imene anatukwanira mlongo wake kuti sayamika inali itagwira ntchito yake kalekale.

Okumba anataya makasu. Sanathamange, anangotembenuka n'kumapita aliyense njira yake, nkhope atazibisa, William ali patsogolo. Kudzala mayi wina anayamba kulira, anzake n'kumutseka pakamwa, chifukwa mtayo sauliridwa.

Dailesi anaona zimene a Yunike anati asadzazionenso. Sanakuwe. Anagwada m'dothimo, n'kuchotsa kansalu kukhasu la mchimwene wake, n'kukabwezera pamalo pake, akukonza m'mbali monga amachitira mayi pofunditsa mwana amene wadzivundukula m'tulo.

"Bwanji sunandiuze?" anafunsa Gerishon. Mawu ake anali atasanduka a munthu wina.

"Ndinakuuzani Lachiwiri, pamaso pa mudzi wonse. Munawerenga pazala."

Gerishon anavula chipewa. Misozi inali ikutsika, ndipo inali yeniyeni, pakuti munthuyu mlongo wake ankamukonda m'njira yake yomwe ankaidziwa. Anayamba kulankhula mofulumira, ngati wothawa moto. Anati akonza. Anati mdadada ausunthira kumsewu, chingwe achichotsa lero lomwe. Anati mwana wa mlongo wake sangagone ngati galu padothi la chikhatho chimodzi. Akumba dzenje lenileni, lakuya mpaka m'chiuno, aika njerwa zabwino za pamwamba pa uvuni, ndipo simenti imene anagulira pansi pa zipinda ayamba wamangira chiliza, chachikulu choti aliyense wodutsa aziona. Akunena choncho anali atayamba kale kukokera dothi ndi khasu, mulu wonse wa m'ngalande, kuti akwirire manyazi ake msanga.

Dailesi anagwira mpini ndi manja onse awiri. Anaugwira mwamphamvu kotero kuti Gerishon, mwamuna wosenza njerwa zaka zisanu, analephera kuusuntha.

"Achimwene, mpaka pano mukufunabe kumanga pa mwana wanga?"

Gerishon anausiya mpiniwo. Anayang'ana kwa Laimoni, amene anali atakhala m'ngalande atafulatira, mapewa akugwedezeka. Anayang'ana kudzala, kumene kunalibe amene anamuyang'ana. Kenaka anatola jekete lake n'kumapita, chingwe chikumukola m'miyendo.

A Yunike ndiwo anachoka pagulu la amayi. Anabwera pang'onopang'ono, n'kugwada pafupi ndi Dailesi, n'kuyamba kutapa dothi ndi manja. Dailesi sanawayang'ane, ndipo sanawasunthire malo. Atawaza kawiri katatu, a Yunike ananong'ona kuti pakwana, asapitirire.

"Ndikudziwa muyeso wake, mayi," anatero Dailesi. "Chimene sindikudziwa n'chakuti kodi m'mimba muno mukadali chotseguka choti tizichisamala."

Anatapa dothi lina lodzaza chikhatho chimodzi, n'kuliwaza mopepuka pamene mzere wobiriwira unkaonekerabe.